Kalata yomwe ndinalemba namondwe atatha

Ndinachoka ku Zemba titangokolola, chifukwa ndinatopa kukhala mkamwini wopanda ngakhale bulangete lakelake. Mkazi wanga Nabanda anali ndi khanda kumbuyo. Anandikazingira mtedza wa panjira, nandiperekeza mpaka kudambo. Anzanga ankapita ku Halale ndi ku Joni, koma ine ndinadutsa kwa Apwitikizi wapansi mpaka ku Tete, kenaka ku Beira.

Padoko ntchito inali ya maganyu. Nditamva kuti ngalawa ya matanga yonyamula mitengo kupita ku Zanzibar ikufuna wophika, ndinalowa, ine munthu amene ndinali ndisanakwerepo ngakhale bwato. Walira mvula walira matope.

Sabata yachiwiri kumwamba kunada bii. Woyendetsa ngalawayo, mkulu wachiswahili dzina lake Bakari, analamula kuti titsitse matanga. Tinakabisala kuseri kwa kachilumba kopanda anthu n'kuponya nangula, ndipo tinakhala pamenepo masiku asanu ndi anayi. Moto sunkayaka. Tinkadya mpunga wongonyika m'madzi ndi nsomba zouma, kwinaku tikusinthana kukapa madzi ndi chidebe. Kwathu mvula ikagwa umanyamula khasu. Panyanja umangokhala, ndipo munthu wongokhala amaganiza zopusa.

Tinakula tikumva kuti mwamuna akakumana ndi tsoka paulendo, ndiye kuti mkazi kumudzi wayenda moipa. Pofika tsiku lachinayi ndinali nditatsimikiza mumtima kuti Nabanda wandipereka. Ndinachita mantha, ndipo manthawo anasanduka ukali. Ndinamufotokozera Bakari m'Chiswahili changa chothyokathyoka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Muno tilimo khumi ndi awiri," anatero. "Akazi athu onse apangana tsiku limodzi? Mphepo iyi imabwera chaka ndi chaka."

Sindinamumvere. Titangofika kumtunda ndinagula pepala. Kulemba ndinaphunzira kusukulu ya mishoni, ndipo lero ndimati bola ndikanathawa sukuluyo. Ndinalemba kuti ndatsala pang'ono kufa chifukwa cha iye, ndipo atchule dzina la mwamunayo. Ndinaiwala chinthu chimodzi: Nabanda sankadziwa kuwerenga. Makalata onse a m'mudzimo ankawerenga aphunzitsi, mokweza, pakhonde, abale atakhala pamphasa.

Yankho silinabwere. Kawiri ndinatumiza ndalama ndi nsalu kudzera mwa anthu obwerera kwathu, koma kunali zii. Ndinasungulumwa kwambiri. Sindibisa, nditabwerera ku Beira ndinapeza mayi wina wondiphikira ndi kundichapira, ndipo sizinathere pa kuchapa.

Ndinabwerera patatha zaka zinayi, ndikukankha njinga yatsopano, mabulangete atamangidwa kumbuyo. Mwana wanga atandiona anathawira kwa agogo ake. Amalume ake a Nabanda anandilonjera ngati ndabwera kudzatolera msonkho. Ndiwo anandiuza zimene kalata ija inachita. Akuluampingo anamuimitsa Nabanda kudya mgonero miyezi ingapo akufufuza nkhaniyo, osapeza kanthu. Kuchitsime amayi ankasiya kulankhula iye akafika. Abale ake anati ukwati uthe, poti pamudzi ndi pawo ndipo mwana ndi wawo. Iye anakana, nati andidikira kuti ndidzanene ndi pakamwa panga.

Ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza. Ndinakhala pansi, ndinapepesa, kenaka ndinayamba kufotokoza za mafunde aatali ngati mtengo wa mkuyu. Anandisiya ndimalize.

"A Phiri, namondwe wanuyo anatha masiku angati?"

"Asanu ndi anayi."

Anapeta mtedza uja pang'onopang'ono, makoko akugwera pamapazi anga.

"Chaka chotsatira kuno kunagwa matalala. Chimanga changa chonse chinagona, mwanayu anatupa miyendo ndi njala. Anthu anandiuza kuti mwina amuna anga ayenda moipa kumene ali. Aphunzitsi anati andilembera kalata ndikafuna." Anandiyang'ana koyamba chifikire. "Ndinati ayi, matalala ndi matalala. Kapena ndinalakwitsa?"

Ndinakumbukira mayi wa ku Beira uja. Anadikira pang'ono, kenaka anasenza lichero lake n'kulowa m'nyumba, ndipo mpaka tsiku lomwe anamwalira sanandifunsenso.