Bongololo Woyera wa M'thumba la Malume

Botolo la jamu lija ndikadali nalo, ndi chivindikiro chake chobooledwa ndi msomali. Masiku ano ndimasungiramo mabatani.

Dzinja lomwe ndinali Fomu 2, malume ankapita ku mapanga a ku Matobo kukakokola zitosi za mileme zothira m'dimba lawo ku Nguboyenja. Thumba lawo linkanunkha ngati mkodzo wakale. Tsiku lina akukhuthula, ndinaona kabongololo koyera ngati ulusi kakuthawa kuwala. "Taya zimenezo, mphwanga," anatero malume. Ine ndinakatola ndi supuni.

Ndinakaika m'botolo pamodzi ndi zitosi ndi kansanza konyowa, n'kukankhira kunsi kwa bedi. Madzulo aliwonse ndinkalemba m'buku langa zimene ndaona. Mphete iliyonse ya thupi lake inali ndi miyendo inayi, choncho sanali nankalizi, yemwe ali ndi iwiri. Maso analibe. Ankayenda mofufuza ndi tinyanga titalitali, ndipo khungu lake linali lopyapyala moti nsanza ikangouma ankadzipinda.

Aphunzitsi a sayansi anamuyang'ana nthawi yaitali pagalasi lokulitsira. Anati abongololo a m'mapanga amataya mtundu ndi maso chifukwa mumdima zilibe ntchito. "Uyu tipita naye ku mpikisano wa masukulu, mntanami." Ankatero m'chilankhulo cha kuno akafuna kunena kuti mwana wanga. Tsiku limenelo ndinalemba ndi zilembo zazikulu: NDIDZAKHALA WASAYANSI.

Kenako inabwera fomu yolembetsera mpikisanowo. Inkafuna setifiketi ya kubadwa. Mayi anatulutsa chitupa chawo pansi pa matiresi n'kundionetsa pamene panalembedwa kuti ndi mlendo. Anabadwira ku Makokoba, m'dziko lomwe lino, koma agogo anachokera kunja, ku Nyasalande. Kawiri konse anakaima pamzere ku ofesi ya boma kukandifunira setifiketiyo ndili kumsana, kawiri konse anabwezedwa. Ine pepala ndinalibe.

Aphunzitsi sanakalipe, ndipo mpaka lero chimene chimandiwawa n'chimenecho. Anangoti ntchito yabwino isawonongeke. Anapereka botolo ndi masamba asanu ndi limodzi a m'buku langa kwa mtsikana wina wa m'kalasi, amene anakopera ndi dzanja lake lokongola. Ndinamuuza katatu kuti azinyowetsa nsanza, asamuike padzuwa. Iye anaika botolo pawindo la holo kuti oweruza aone bwino.

Mtsikanayo anabwera ndi mphoto yachiwiri. Lolemba pa asembule ndinawomba nawo m'manja. Botolo anandibwezera pa geti, mkati muli kamphete kouma ngati chikhadabo chowengedwa.

Kunyumba ndinafunsa mayi kuti pepala langa lituluka liti, popeza mpikisano umachitika chaka ndi chaka. Anali akusita yunifolomu yanga, ndipo sanatukule mutu. "Ifetu tinabadwira konkuno, mwanawe, koma sitinafikebe."

Ndinaganiza kuti akunena za mtunda wa ku ofesi. Ndinatsuka botolo, n'kulemba kuti chaka chamawa ndidzalawirira mzere isanakwane sikisi, ndipo malume andipezere bongololo wina.