Tsiku Limene Bambo a ku Chipata Anasiya Kutsutsa

Amuna anga ankakonda mkangano kuposa chakudya. Mnzawo wokangana naye anali bambo ena a ku Chipata, mkulu wa mpingo ku tchalitchi chathu cha ku Tottenham muno mu London, amene ankagwira ntchito ya ulonda pa koleji ina kutsidya kwa mtsinje. Awiriwa akakumana, ife amayi tinkangotolera makapu n'kuwasiya. Ankakangana za ndale, za nyimbo za kwaya, za dziko limene lili ndi mtedza wabwino. Koma mkangano umene unawadya zaka zitatu unali wa mpira wa mwana wathu.

Mnyamata wathu atalowa koleji anayamba masewera amene mpaka lero sindiwamvetsa bwinobwino, mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba ndi mapewa otukumuka, mpira wake wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Iye anali kotabaki, ndiye kuti amene amalandira mpira poyamba n'kuuponyera anzake, adani akumuthamangira kuti amugwetse. Ine monga namwino ndinkangoona mafupa othyoka. Koma bambo ake, amene kwawo ku Ntcheu sanaonepo n'komwe mpira woterewu, posakhalitsa anasanduka katswiri. Ankatifotokozera malamulo ndi masupuni pa tebulo, chakudya chikuzizira.

Timu ya mwana wathu inkadziwika ndi kuluza. Itayamba kuwina, bambo a ku Chipata zinawawawa, chifukwa koleji imene ankalonderayo ndiyo inkaopedwa dera lonselo. Analibe mwana mu timuyo. Ankangotsegulira anyamatawo geti, basi, koma sikafu ya timuyo sinkachoka m'khosi mwawo. Masewera ankachitika Lamlungu m'nyengo yozizira, ndipo madoda awiriwa, mkulu wa mpingo ndi mnzake, ankazemba tchalitchi chopereka chikangotha, aliyense akunamizira kutsokomola.

"Mudala, mwana wanu uja aponya monga agenda mango," ankatero bambo a ku Chipata. "Manje akakumana na banyamata banga, muzamunyamula mu wilibala."

"Achimwene, dzanja limenelo ndi langa," amuna anga ankayankha akudziguguda. "Ine ndinkagenda njiwa ili m'mwamba. Chaka chino tikukwera, muona."

"Kukwera kuti? Miyendo monga ya nkhuku! Matimu yamene mwawina ni ya bana ba sukulu chabe."

Mwana wathu ankazimva zonsezi n'kumangoseka. Ndikuganiza kuti chipongwe cha bambo amenewa chinkamulimbitsa kuposa matamando a bambo ake.

Chaka chachitatu matimu awiriwa anayenera kukumana kumapeto kwa nyengoyo, ndipo wowina ndiye anali kupita ku mpikisano wa makoleji a dziko lonse. Kunyumba kwathu ku Romford kunalibenso nkhani ina. Khirisimasi itadutsa amuna anga anapita kumudzi kukaona mayi awo, akulonjeza kuti abwera masewerawo asanafike. Kumeneko sitiroko inawagwira ndipo anawagoneka m'chipatala. Kuntchito anandipatsa tchuthi choyambira Lachiwiri, masewera ali Lamlungu. Lachisanu mlamu wanga anawagwirira foni kukhutu. Mawu ankatuluka movutika, koma ndinamva.

"Mupite ku mpirako, mayi. Mukandiimbire zikatha. Ndikufuna ndimumve wa ku Chipata akulira."

Zaka zimenezo kuimba foni kumudzi kunkafuna kakhadi kokanda kaja ka m'magolosale. Ndinagula kamodzi n'kukaika m'thumba la jekete. Ndinkaopa kwambiri, sindibisa. Ndinali nditasamalira odwala sitiroko ambiri ndipo ndinkadziwa mmene imabwerera kachiwiri. Pemphero langa linali laling'ono, lakuti Mulungu awasunge mpaka ndikawagwire dzanja, ndiponso amve kuti mwana wawo wasewera bwanji.

Lamlungu bambo a ku Chipata anandiimbira kuti tikumane pa feri ya ku Woolwich, tiwolokere limodzi. Ndinawapeza ataima pamphepo, m'khosi mulibe sikafu. Anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kundilanda chikwama cha fulasiki kuti anyamule iwo, munthu amene sankanyamulira ngakhale mkazi wake Baibulo.

"Lero mwaopa eti?" ndinawaputa. "Sikafu ija mwaibisa kuti?"

"Naiwala chabe, amai."

Pa feri ponse anangoyang'ana madzi. Ndinaganiza kuti akusowa mnzawo wokangana naye, ndipo ndinawamvera chisoni.

Bwalo lake linali matope okhaokha, anthu oonerera ochepa, titaima kuseri kwa chingwe. Mpira woyamba umene mwana wanga anaponya unagwera m'manja mwa adani. Ndinatseka maso kudikira phwete la bambo a ku Chipata, chifukwa zoterezi ndi zimene ankadzera. Kunali zii. Patapita kanthawi mnyamatayo anabwerera m'mbuyo, anyamata awiri akuluakulu atamutsala pang'ono, n'kuponya mpira wautali umene mnzake anauwakha kumapeto kwa bwalo. Mbali yathu inakuwa. Timu ya bambo a ku Chipata inali itagoletsedwa, ndipo iwo anavula chipewa pang'onopang'ono n'kuchigwira pachifuwa.

"Mwana uyu ali na dzanja," anatero chapansipansi. "Mudala uja akamba zoona. Mwana uyu azafika patali."

Ndinawayang'ana. Misozi inali ikutsikira m'ndevu. Ndinagwira chingwe chija.

Kwathu uthenga wa maliro sauza mwini wake pa foni. Amaimbira munthu wamkulu amene ali naye pafupi, iyeyo n'kusonkhanitsa amayi, woferedwayo n'kumukhazika kaye pansi pakati pa anthu. Ine ndemwe ndinakhalapo m'gulu la amayi oterowo kangapo konse muno mu London. Ndinamva pambuyo pake kuti alamu anga anaimba ku Tottenham m'mawa womwewo kunena kuti amuna anga atisiya. Akuluakulu anagwirizana kuti amayi atsogole kunyumba kwanga ndi mnzanga amene ankasunga kiyi, mnyamata amalize masewera ake, ndipo wina akhale nane pafupi. Anasankha bambo a ku Chipata poti iwo kupezeka ku mpira sichikanadabwitsa aliyense. Anaiwala kuti munthuyo ntchito yake ku mpira inali kunyoza, ndipo sakanatha kunyoza mwana wamasiye.

Ndinakwiya. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira akuluakulu onse ndi nzeru zawo, ndinakwiyira amuna anga amene analephera kundidikira mpaka Lachiwiri. Ndinkafuna kulira kwenikweni, kwa kumudzi, kogubuduka nako pansi. Koma ndinadziwa kuti ndikangofunsa, iwo ayankha, ndipo ndikangolira, mwana wanga amva ali pakati pa bwalo, anthu olemera ngati matumba a chimanga akumuthamangira. Sindinafunse.

"Bambo, valani chipewa," ndinawauza ndikukukuta mano. "Mwana akayang'ana kuno akuoneni mukumunyoza monga mwa masiku onse."

Anandiyang'ana ndipo anaona kuti ndadziwa. Anavala chipewa, napukuta nkhope ndi mkono wa jekete, nakokera mpweya.

"Iwe!" anakuwa, mawu akusweka. "Miyendo ya nkhuku! Yaja yenze mwayi chabe!"

Mwana wanga anatembenuka, n'kuwaloza chala akuseka mkati mwa chipewa chake chija.

Tinatero mpaka masewera kutha. Iwo ankakuwa za mango ndi wilibala, misozi ili chuchuchu, ine n'kumayankha m'malo mwa amuna anga kuti dzanja limenelo ndi la bambo ake, chaka chino tikukwera. Azungu amene anaima pafupi ankatiseka, akuganiza kuti mphepo ndiyo ikutiliza maso. Sindinagwirepo ntchito yolemera ngati imeneyo, ngakhale m'chipatala.

Timu ya mwana wanga inawina. Anathamangira kwa ife ali matope thupi lonse, nthunzi ikutuluka m'mutu.

"Mum, khadi ija ili kuti? Tiwaimbire dad pompano!"

Ndinati pano pali phokoso, tikaimbira kunyumba. Anaumirira kuti aisunge yekha, ndinamupatsa. Ulendo wonse wobwerera, pa feri ndi m'basi, ankakonzekera zokawauza bambo ake m'Chichewa chake chothyokathyoka, n'kumawaputa bambo a ku Chipata kuti, "Ankolo, wilibala ija ili kuti?" Iwo ankangogwedeza mutu. Mphamvu zonyozera zinali zitawathera pabwalo paja.

Titafika ku Romford, pakhomo panali nsapato za amayi zambirimbiri. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, mipando itakankhidwira kukhoma, pansi atayala zitenje, ndipo mkati munkamveka nyimbo yoimba chapansipansi. Mwana aliyense wokulira kwathu akanadziwa nthawi yomweyo. Wanga anabwera kuno ali wamng'ono. Anayang'ana nsapato zija, khadi ili m'manja, n'kundifunsa ngati lero kuli mapemphero a amayi, ndiponso ngati angakaimbire foniyo kuchipinda kuti asawasokoneze.

 Bambo a ku Chipata anamugwira dzanja loponyera lija ndi manja awo onse awiri.

"Tiye tinkhale pansi, mwana wanga," anatero.

Mnyamata wanga anasewera chaka china chimodzi asanamalize koleji, ndipo timu yake inakweradi monga ankanenera bambo ake. Bambo a ku Chipata sanaphonye masewera ngakhale amodzi. Ankaima pambali panga kuseri kwa chingwe atavala sikafu ya timu yathu imene amuna anga ankavala, akuombera m'manja mpira uliwonse, ngakhale woponya molakwika. Zinkandipweteka mtima kuposa mmene iwo ankaganizira. Tsiku lina mwana wanga ataponya mpira woipa kwambiri anatembenukira kwa ife, akudikira. Ndinawagunda bamboyo ndi chigongono n'kuwapempha kuti anene za miyendo ya nkhuku, kamodzi kokha, mwanayo amve.

Anatsegula pakamwa, kenako anapukusa mutu.

"Amai, nakangiwa, siningakwanise," anatero. "Palibe wonibweza mau monga mudala uja."