Chambo cha Amalume sichifufutidwa

Amalume, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, ndipo lero lomwe a kampani ya foni abwera kugolosale yathu ku Liwaladzi, ati apake penti yawo pakhoma chifukwa chithunzi cha chambo chimene munajambulapo chasuluka. Ndawathamangitsa, sindinawapatse ndi mpando womwe.

Munachoka kuno mukungolemba mayina pamaboti, munabwerako kumaiko akutali ndi imvi n'kujambula chambo chija. Mamba ake munawaika maluwa a pazitseko za ku Zanzibar, mchira ngati chitenje cha ku Congo. Ine ndinakusekani: "Chambo chotere chimapezeka m'nyanja iti?" Osatembenuka n'komwe munati, "Mphwanga, maso ako sanadutsepo Dwangwa. Gwira chitini, utseke pakamwa."

Chisuluke chokha ndi dzuwa, Amalume. Koma ine ndili moyo, palibe wochipaka penti.