Mayi Zimitsani ndi Nyumba ya a Dzalani

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ndi aafupi, oyenda mwachangu ngati asiya mphika pamoto, ndipo akasangalala amayamba aomba m'manja asanalankhule. Akakukhulupirira, amakukhulupirira ndi mtima wonse, osasiyako kena koti adzagwire mawa. Masiku ano dera lonse limawatchula Mayi Zimitsani, koma dzinali silinabwere laulere.

Amuna awo atamwalira, analowa ntchito yosamalira m'nyumba kwa phungu wa dera lathu. Anawapatsa kanyumba kuseri kwa mpanda, kachipinda kamodzi ndi khonde, pomwe anadzalapo tsabola m'zitini. Kwina kopita analibe. Ntchitoyo ndi kanyumbako ndiwo unali moyo wawo wonse, ndipo ankakonza nyumba ya bwanayo ngati akukonza m'tchalitchi.

Phunguyo anthu ankamutcha a Dzalani, chifukwa msonkhano wake uliwonse unkatha ndi kudzala mtengo, suti ili m'thupi, manja m'dothi, makamera akuthwanima. Pa nkhani ya chilengedwe analidi ndi pakamwa. Akayamba kunena za mitsinje youma ndi utsi wowononga mlengalenga, ngakhale ine woyendetsa minibasi yofuka ndinkamva manyazi pang'ono. Pang'ono chabe, chifukwa kunyumba kwake ndinkafikako pokaona Azakhali. Mababu a pampanda ankayaka dzuwa lili paliwombo. Mafiriji analipo anayi: ya chakudya, ya zakumwa, ya nyama, ndi ina ya nyama ya agalu. Makina oziziritsa ankalira m'zipinda zopanda munthu, TV inkadzilankhulira yokha pabalaza, pampu ya dziwe losambira sinkapuma. Magetsi akathima m'dera, jenereta inkadzuka yokha n'kuyamba kubangula, oyandikana nawo n'kumatseka mawindo chifukwa cha utsi.

"Azakhali, bwana wanuyu ndi wabodza," ndinkatero.

"Iwe, tseka pakamwa! Bwana ndi otanganidwa basi. Sakhala pakhomo, angadziwe bwanji zimene zikuyaka?"

Tsono chaka china a Dzalani ndi akazi awo anakwera ndege kupita ku msonkhano waukulu wa zanyengo kunja. Azakhali anali kukhitchini akupukuta makapu, wailesi ili pawindo, pamene anamva mawu a bwana wawo akuchokera kutsidya kwa nyanja. "Ine ndayamba kale kwathu," anatero phunguyo. "Kunyumba kwanga simungapeze babu likuyaka masana. Chosafunika chilichonse timazimitsa. Okayika abwere adzaone ndi maso awo."

Wina aliyense akanangoseka. Azakhali anaika kapu pansi, anaomba m'manja, n'kuthamangira panja kukaitana mlonda ndi wa m'dimba.

"Mwamva? Bwana alamula! Anaiwala kutiuza ponyamuka, ndiye atiuzira pa wailesi. Tiyeni, tisawachititse manyazi!"

Mlonda anayesa kunena kuti za pa wailesi zimathera pa wailesi pomwepo, koma ankangouza mphepo. Azakhali analowa chipinda ndi chipinda, thobo, thobo, kuzimitsa masiwichi. TV inakhala chete. Makina oziziritsa anasiya kulira. Giza yotenthetsa madzi anaizimitsa, pampu ya dziwe chimodzimodzi. Jenereta anaifunditsa lona ngati yadwala malungo. Anasiya firiji imodzi yokha, n'kupanikizamo zonse zimene zinakwana. Nyama yotsala anaidula mizeremizere, kuithira mchere, n'kuiyanika pa zingwe zoyanikira zovala, agalu ali pansi akuyang'ana kumwamba ngati akupemphera.

Anandiimbira foni mwachisangalalo. "Mwana wa achimwene, bwera udzaone bodza lija umanena!"

Ndinasiya minibasi pamsewu n'kulowa. Kunena zoona ndinadabwa. Nyumba ija inali zii, mawindo onse otsegula, makatani akuuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mbalame m'mitengo ya a Dzalani. Kenako ndinaona nyama pa zingwe, ndi dziwe litayamba kubiriwira ngati chithaphwi.

"Azakhali, akuchotsani ntchito. Mukagona kuti? Yatsani zinthuzi asanabwere, chonde."

"Andichotse chifukwa chomvera? Iwe mutu wako unadzaza utsi wa dizilo."

Ndinawanyengerera, ndinawaopseza, mpaka ndinatchula dzina la malemu amuna awo. Anangondipatsa madzi akumwa, ofunda.

Zimene sitinkadziwa n'zakuti atolankhani anali atatola mawu aja akuti okayika abwere. Tsiku lobwerera, anakamudikirira phunguyo pabwalo la ndege n'kumutsatira mpaka pageti. Wa m'dimba amati a Dzalani anatsika m'galimoto nkhope ili gwaa, thukuta likutsika m'khosi, akufunafuna mawu owabwezera anthuwo. Koma geti linali litatseguka kale, ndipo pakhomo panali Azakhali, epuloni yoyera bwino, akuomba m'manja.

"Takulandirani, bwana! Zonse munanena zija tachita. Lowani, alendo, lowani mudzaone!"

Anawayendetsa nyumba yonse okha. Apa giza, yozima. Apa mafiriji atatu, opanda kanthu, zitseko pululu. Apa jenereta, ikugona. Mtolankhani wina anafunsa za nyama ya pa zingwe, Azakhali n'kumufotokozera kathiridwe ka mchere, mpaka kumudulirako kachidutswa. Phunguyo ankangotsatira m'mbuyo ngati mlendo m'nyumba yake yomwe, akugwedeza mutu, akumwetulira ndi mano okha. Akazi ake ataona dziwe anakhala pansi pa masitepe.

M'mawa mwake chithunzi chinali patsamba loyamba la nyuzipepala: a Dzalani ataima pafupi ndi Azakhali, kumbuyo kwawo nyama ikulendewera. Pamwamba analemba kuti Mayi Zimitsani. Abale inu, tsiku limenelo ndinagula nyuzipepala ine amene sindiwerenga ngakhale zikwangwani! Ndinaimata m'minibasi, ndipo aliyense wokwera ndinkamuuza kuti awa ndi azakhali anga enieni, mlongo wawo wa bambo. Azakhali anaitanidwa ku wailesi yomwe ija. Anakalankhula kusukulu, ana n'kuwaimbira m'manja. Kumsika amayi ogulitsa ankawakuwira, "Mayi Zimitsani, kwathu tazimitsa!" Iwo ankayankha onse mmodzimmodzi, osatopa.

Kuwachotsa nthawi imeneyo sikukanatheka. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Phunguyo anapirira, akutuluka thukuta m'nyumba yake, akusamba madzi ozizira, anthu odutsa akusuzumira pampanda kuona ngati babu layaka. Koma nkhani za m'nyuzipepala sizichedwa kuzizira. Tsiku lina makina a kuchipinda chogona anayambanso kulira. Kenako giza. Kenako firiji ya agalu. Azakhali ankazimitsa, wina n'kuyatsa, iwo n'kuzimitsanso, akuganiza kuti ndi kuiwala chabe. Mpaka bwana anawaitana pabalaza, TV ikulankhula, n'kuwauza mwaulemu kwambiri kuti agwira ntchito yaikulu, akula, ndipo nthawi yakwana yoti akapume. Anawapatsa wotchi ya pakhoma.

Ndinakawatenga ndi minibasi. Tinakweza kama, wailesi, wotchi ija ndi zitini za tsabola. Ine ndinali nditapsa mtima, ndikufuna kukuwa pageti kuti dera lonse limve. Azakhali anangotseka kanyumba kaja, n'kupereka kiyi kwa mlonda, n'kukwera minibasi. Zinandipweteka kwambiri.

Lero amakhala kwathu, ndipo nyumba yanga ili pamavuto. Ukangotuluka m'chipinda kukatenga madzi, pobwerera upeza mdima. Ana anga amatchaja mafoni mobisa ngati akuba. Mkazi wanga poyamba ankadandaula, koma pano ndiye wachiwiri wawo.

Mwezi wathawu ndinawatenga popita kumsika, ndipo njira inatidutsitsa pa nyumba ya a Dzalani. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, mababu a pampanda onse ali ngwee.

"Ima," anatero Azakhali.

"Azakhali, si kwanunso kuno."

"Ndati ima."

Ndinaima, okwera akudandaula. Anatsika, anawoloka msewu ndi kuyenda kwawo kofulumira kuja, n'kugogoda pageti. Anatuluka mlonda watsopano, munthu amene sanagwirepo nawo ntchito. Anawayang'ana, n'kuwazindikira kuti ndi Mayi Zimitsani, n'kuvula chipewa. Sindinamve zimene anakambirana. Ndinangoona mlondayo akulowa m'kanyumba kake, ndipo mababu aja anathima onse pamodzi. M'minibasi munabuka phokoso, anthu akuomba m'manja, wina akumenya denga, ine ndikuliza hutala ngati ndanyamula akwati.

Azakhali anakwera, anakonza mpango wawo, n'kukhala pampando wakutsogolo.

"Nanga mukumukhulupirirabe bwana wanu uja?" ndinafunsa.

Anayang'ana mpanda uja.

"Mawu aja anali abwino, mwana wa achimwene. Kungoti mwini wake sanawamve. Tiye, ukuwononga dizilo."