Msana wa Achimwene

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, ankayendetsa thiraki yodutsa pa boda kupita ku Zambia. Mwendo wawo wakumanzere utayamba kuchita dzanzi, ankati n'chifukwa chokhalitsa pampando. Ife tinadziwa kuti zavuta tsiku limene anatsika minibasi pa Kamwendo atavala patapata imodzi. Inayo inavukira m'galimoto iwo osamva.

Kuchipatala cha kuboma anatitumiza ku Lilongwe. Mlamu wanga, akazi awo, anali ndi khanda, choncho gadiyani ndinali ine. Ndinachoka ku Chiosya mtedza wanga ndisanakumbe.

Atawajambula sikani, anatiuza kuti m'msana muli chotupa chimene chikupanikiza mitsempha. Tinakhala m'wodi kudikira, mpaka m'mawa wina anatiitanira m'kachipinda. Munali dokotala wamkazi, wamfupi, wolankhula mosathamanga. Patebulo panali chinthu chonga magalasi a owotcherera zitsulo, cha lamba womanga kumutu. Anati chinabwera ndi madokotala ena odzaphunzitsa anzawo. Zithunzi za sikani zimalowetsedwa mmenemo, ndipo ukachivala umaona za mkati mwa wodwala pamalo pake penipeni, usanang'ambe khungu.

"Bambo, mungakonde kuona chimene tikufuna kuchotsa? Nditha kukuonetsani patebulo pomwepa."

Achimwene anapukusa mutu. "Ine ayi. Muonetseni mlongo wangayu, andiuza."

Anavula malaya n'kugona chafufumimba. Nesi anawamata timapepala tozungulira pamsana, kenako anandimanga magalasi aja. Anali olemera, lamba akundikoka duku. Poyamba ndinangoona msana wa achimwene, wowonda, nthiti zikuwerengeka. Mwadzidzidzi mafupa anatulukira, oyera mbee, ondondozana kutsika m'chiuno, khungu likuonekabe pamwamba pake. Ndinabwerera m'mbuyo n'kugunda mpando.

"Musaope, amayi. Mitundu mukuionayo yapakidwa ndi kompyuta," anatero dokotala. "Yang'anani chobiriwiracho."

Chinali chaching'ono ngati nsonga ya chala, chitabisala pakati pa mafupa awiri. Pambali pake panadutsa kachingwe kachikasu.

"Kachingweko ndi mtsempha wopita kumwendo. Mukuona mmene chakakulungira? Pochotsa tikhoza kukakhudza. Koma tikachisiya, miyendo yonse idzafooka."

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinatambasula dzanja kuti ndichitole. Chala changa chinagunda khungu lofunda, achimwene n'kudzidzimuka.

"Waona chiyani?" anafunsa nkhope ili m'pilo.

"N'chaching'ono, achimwene. Koma chakhala poipa."

"Poipa bwanji?"

"Chagwira mtsempha wa mwendo."

Achimwene anatembenuza mutu kuyang'ana dokotala. "Kilatchi ndidzapondanso?"

"Sindingakulonjezeni, bambo."

Anavomera opaleshoniyo madzulo a tsiku lomwelo, atayamba alankhula ndi akazi awo pafoni ine nditatuluka panja.

Tsiku lolowa ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, ndinakhala pabenchi ndi magadiyani anzanga. Iwo ankangodziwa kuti abale awo ali mkati. Ine ndikatsinzina ndinkaona kachingwe kachikasu kaja, mpeni ukuyenda pambali pake. Ndinayesa kupemphera, mawu osalumikizika. Mlamu ankaimba foni pafupipafupi, ine yankho lomwelomwelo, loti sanatuluke. Mayi wina anandipatsa chinangwa chophika, ndinangochifumbata mpaka chinazizira. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira msanga, kupeza ndi nesi wangodutsa ndi nsalu. Ndinadandaula kuti ndinavaliranji magalasi aja.

Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka, mzere wa lamba utadindika pachipumi. "Tachotsa chonse," anatero. "Za mwendo tiona akadzuka."

Mawa lake anabwera m'wodi n'kuwakanda kuphazi ndi chivindikiro cha cholembera. Zala zakumanja zinapinda msanga. Kumanzere kunali zii. Anakandanso, tonse maso ali pomwepo, ndipo chala chachikulu chinagwedezeka pang'ono, moti ndinafunsa nesi ngati nayenso waona.

Masiku ano achimwene amayenda ndi ndodo, phazi lakumanzere likukwekwereza. Thiraki anapatsidwa wina. Amayang'anira chigayo cha mnzawo pa Kamwendo, ndipo nyengo yozizira amadandaula msana. Akangotero ine njala imandithera. Amapitabe ku Lilongwe kukajambulitsa, woperekeza ndine. Ulendo wathawu dokotala anandifunsa ngati ndikufuna kuonanso mmene mwakhalira mkatimo. Ndinati angotiuza pakamwa.