Chimangirizo cha a Yosefe

Lachiwiri lapitali ndinalandira mlendo ndisanasukusule n'komwe. Anali a Yosefe, mphunzitsi wa kasukulu kaudzu ku Msakambewa, miyendo ili mame okhaokha, pepala atalipinda m'chipewa.

Nkhani yake nayi. Azungu a ku mishoni alamula kuti mphunzitsi aliyense alembe mayeso a Chingerezi, ndipo wolephera atule choko akagwire khasu. A Yosefe imvi zayamba kale. Funso lomwe awapatsa? Ayerekeze alakatuli awiri a ku Mangalande, anthu oti anamwalira kalekale osalionako phiri la Ntchisi.

Anandipempha kuti ndiwakonzere mawu, amveke ngati a munthu wophunzira. Ine poti ndinakhalako kalaliki ku boma, ndinadzimva. Ndinatenga cholembera.

Chingerezi chawo chinali chotsimphina ndithu, koma tamvani zomwe analemba. Mlakatuli woyamba, akuti, amayamikira mapiri ndi maluwa ngati munthu wokhuta amene alibe munda woti apalire. Wachiwiriyo, yemwe anafa akadali mnyamata, ankaona dziko monga ankalionera malemu akazi awo, Anabanda, chifuwa chitawagwira chaka chatha. Mayiwo ankapempha kuti awatulutse pakhonde, angomvako mbalame zikulira.

Ndinafafaniza zonsezo. Mzungu angawerenge za Anabanda? Ndinaikapo mawu ataliatali, ena oti ine ndemwe lilime limandipindika powatchula.

A Yosefe anawerenga pang'onopang'ono, nandithokoza kwambiri. Kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Pepani achimwene, nanga mayi aja mwawaika pati?"

Abale inu, manyazi anandigwira. Ndinasowa poyang'ana.

Kodi si mmene tayambira kuchitira tonsefe amene tinalawako sukulu? Mnzathu akabwera ndi kalata kuti timuonere, timathamangira kumuveka jekete la eni, manja ake osaoneka n'komwe. Ndiye timati tamuthandiza? Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tinakhala pamphasa mpaka dzuwa kupendeka. Tinawabwezeramo Anabanda ndi khonde lawo, ine n'kumangowongola pamene Chingerezi chakhota. Potsanzikana ndinawachenjeza mosabisa kuti mwina wochonga mayeso sakakondwa nazo, ndipo ntchito itha kuwathera pomwepo.

Anavala chipewa, n'kunena kuti zimenezo akuzidziwa.

"Khasu ndimalitha," anatero. "Koma mayi aja sindingawaike m'manda kawiri."