Mayi a Usipa a ku Area 1

Chaka cha mliri wa korona ndinatsala ndekha m'nyumba ya boma ku Area 15. Sukulu zitatsekedwa, mkazi wanga anatenga ana n'kupita kwathu ku Rumphi kukasamalira amayi anga, ndipo tinagwirizana kuti asabwerere mpaka zinthu zitakhazikika. Nyumba za kumeneko mukuzidziwa: mpanda, geti, galu. Woyandikana naye umangomva galimoto yake ikutuluka. Kutchalitchi anatiuza kuti tizipemphera pa wailesi. Ine wolongolola chibadwire, ndinafika poyankhula ndi ketulo. Ndinkasungulumwa koopsa, sindibisa ayi.

Munthu yekhayo amene ndinkacheza naye maso ndi maso anali mayi wina wachikulire wa ku Nkhotakota, wogulitsa usipa ndi utaka mumsika wa ku Area 1. Loweruka lililonse ndinkapita pabenchi yawo, iwo n'kundilandira ndi chipongwe. "Aboma afika! Lero mwabweretsa chitukuko, kapena mwabwera kudzanenerera usipa wanga?" Ndinkanenereradi, mwadala, kuti macheza atalike. Pomaliza ankandiikira basela uku akunditchula woumira ngati mwala. Usipa wina ndinkangopatsa alonda, chifukwa munthu mmodzi angadye wochuluka bwanji?

Koma malonda awo ankafa ine ndikuona. Sukulu zogonera konko, zimene zinkagula matumba, zinali zotseka. Malo odyera nawonso zii. Usipa wouma ukakhalitsa umagwidwa tizilombo n'kusanduka ufa, ndiye milu inkachepa sabata ndi sabata, mpamba ukudyeka. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzapeza benchi ija ili mbee.

Kenako ofesi yathu ku City Centre inapatsidwa ntchito yogawa ndalama za boma zothandizira a malonda a nsomba. Ndalamazo zinkayenera kudutsa pa foni kuti anthu asaunjikane. Mayi aja foni analibe.

"Foni ndiziimbira ndani?" anandifunsa. "Onse amene ndimafuna kuwalalatira ali pompano."

Ndinakangana ndi abwana anga mpaka thukuta kutuluka pansi pa masiki. Ndinati, kodi njala imayang'ana foni? Abwana anati lamulo ndi lamulo. Ndiye ndinafukula kafoni kakale m'dirowa ya kuchipinda, ndinawaperekeza mayiwo kukalembetsa nambala, dzina lawo n'kulowa pamndandanda wa olandira. Ndinkafuna kuti apeze mpamba, inde. Koma ndinkafunanso kuti benchi ija isatsekedwe, chifukwa ikatsekedwa ine ndikacheza ndi yani?

Ndalama zitalowa, ndinapita kumsika mtima uli m'mwamba, ndikuyembekeza kuona madengu odzaza. Ndinapeza benchi yosesedwa bwinobwino. Mayi aja anali atakhala pachikwama chachikulu chomanga ndi chingwe, atavala chitenje chatsopano ndi nsapato za kutchalitchi.

"Mayi, katundu ali kuti? Ndalama ija si ya mpamba?"

"Mpamba wa chiyani, mwana wanga? Takhalani apa."

Anandilozera benchi yoyandikana nayo, pamene pankakhala mayi wina wogulitsa milamba yowamba. Mayi ameneyo anamwalira ndi matenda omwewa. Anaikidwa tsiku lomwelo, mtauni momwemuno, ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso. Abale anangoima patali. Panalibe kugona pasiwa, panalibe galimoto yopita kumudzi.

"Chiyambire tsiku limenelo sindikuona tulo," anatero mayi a usipa aja. "Kwathu kuli manda a amayi anga ndi a bambo a ana anga, malo anga alipo pambali pawo. Mukufuna andikwirire kuno pakati pa alendo? Maliro akukaniza kunyamula. Ndiye ndaona kuti ndidzinyamule ndekha ndikadapuma. Chimene chinkandisowa ndi thiransipoti ndi kachakudya kokayambira, basi."

Ine mtima unandipsa. Ndinati boma silinapereke ndalamayo kuti anthu azitsekera malonda, ndinati simukudwala n'komwe, ndinati mliri udzatha. Ndinayankhula zambiri, zina zopanda mutu. Iwo ankangondiyang'ana ngati mwana amene walandidwa chidole.

"Inuyo mukafa lero, ofesi ikunyamulani mpaka ku Rumphi, akane asakane," anatero. "Ine andinyamula ndani? Usipa?"

Kumisonkhano yathu yonse, ndi mabotolo a madzi patebulo, palibe anaganizapo kuti munthu angalandire mpamba n'kugulira njira ya kumanda a kwawo. Ifeyo tinkangoti ndalama ikalowa, nsomba zibwerera pabenchi.

Ndinasenza chikwama chija mpaka kudepoti. Chinkanunkha utaka, ndipo malaya anga ananunkha chimodzimodzi. M'njira anandilangiza kuti ndisamagule usipa wonyezimira kwambiri, ena amaupaka mafuta ophikira kuti uoneke watsopano. Iwo akukwera minibasi, ndinawapatsa chigongono monga tinkachitira masiku amenewo. Anachikankha.

"Za zigongono kachitireni ku ofesi kwanu," anatero, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Ndinazindikira kuti panali patapita miyezi munthu asanandikhudze. Misozi inalengeza, ndipo ndinayamika masiki.

Minibasi inachedwa kudzaza. Iwo anakhala kumbuyo, chakuwindo losatseguka, moti sitikanathanso kuyankhulana. Ine ndinangoima pomwepo ngati mtengo wa magetsi, mpaka kondakitala anandiyandikira.

"Akulu, mukupita kapena mukuperekeza?"

"Ndikuperekeza."

"Ndiye tapatukani, mukutchinga anthu okwera."

Ndinapatuka. Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu, ndipo ndinalibe kwina kopita.